Wotsala Pakati Samuyankhula

Ndikukumbukira mchenga wa m'khwawa la kwathu ku Chiradzulu, mmene unkawotchera mapazi mwezi wa Okutobala. Madzi ankakhala ataphwa kalekale, kwangotsala timadziwe tiwiri kumunsi komwe amayi athu ankachapira, ndipo pakati ponsepo pankayera mbee, mchenga wouma woti ukautapa umathawa wokha m'mipata ya zala. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango mpaka makutu kuwawa. Mangowo ankakhala asanapse, koma ife tinkangowadya choncho ndi mchere wakuba kunyumba, mano n'kuyayamira. Khwawa limenelo ndilo linali bwalo la ife atsikana. Bwalo lenileni la pasukulu, lija la magolo a nsungwi, linali la anyamata ndi mpira wawo wamiyendo, ndipo mtsikana akangopondapo ankamuingitsa ngati nkhuku pa mphasa ya ufa.

Chimene chandikumbutsa zonsezi, anzanga, mukhoza kundiseka nacho. Ndi masewera a azungu a pa kanema.

Ine kuno ku Dubai chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi, ndikulera ana a eni ake pamene adzukulu anga akukulira pa foni. Ndimakhala ku Oud Metha, m'nyumba yosanja, kwa banja lina lochokera ku Amereka. Abwana apakhomopo ndi munthu wofatsa, wosakweza mawu ngakhale mwana ataswa mbale. Koma Okutobala akangokwana amasanduka munthu wina. Kwawoko kuli masewera otchedwa bezibo, ndipo mwezi umenewu ndi wa chipulula: timu ikagonja, khalas, zatha, ilongedze, tidzaonana chaka chamawa. Tsono popeza kwawoko kukamada kuno kumakhala kukucha, ndikamadzuka kuti ndikonzere ana chakudya cha kusukulu ndimawapeza ali kale pabalaza, chipewa cha timu yawo kumutu, zovala zogonera zili m'thupi, akuyankhula ndi anthu amene sakuwamva.

Chaka choyamba ndinkangodutsa ndi tiyi wanga. Ndinkati ndi misala ya anthu okhuta. Bambo wamkulu wandevu kuima pa kachulu, kulavula, kukanda khutu, kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, kenako n'kuponya kampira kamodzi. Mnzake n'kukaphonya ndi chibonga. Onse n'kupumula. Koma chaka chachiwiri, ndikupukuta tebulo, ndinawafunsa abwana m'Chingerezi changa chothyokathyoka chifukwa chimene munthu wachibonga uja amabwerera kukakhala pansi nkhope ili yakugwa. Anandilongosolera kuti akaphonya katatu, kapena mpira ukamupeza asanafike pakona, ndiye kuti watuluka. Ndinati mumtima, si wafa ameneyo? Anthuwa akusewera fulaye. Angowonjezerapo chibonga ndi malipiro.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kusapota. Maina a matimu amandipota lilime, ndimangodziwa kuti yathu ndi ya zipewa zabuluu. Amuna a kwathu amene amalondera m'mahotela a ku Business Bay amandiseka ndikanena zimenezi. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi timakhala pamthunzi ndi tiyi wa m'makapu a pepala, iwo n'kuyamba kukangana za matimu a ku Mangalande ngati ndi a amalume awo. Tagula uyu, tagulitsa uja, chonsecho ngakhale sokosi ya wosewerayo sanaigulepo. Mmodzi mwa iwo, a Chikopa, amanditchula kuti agogo a chibonga, ndipo amati masewera amene munthu angathe kusewera akutafuna chingamu si masewera.

Mpira wamiyendo sindidana nawo ayi. Ndinakula ndikuumva pa wayilesi ya bambo anga Loweruka masana, mabatire atayanikidwa padzuwa m'mawa wonse kuti afike kumapeto. Koma mpira umenewu uli ndi wotchi. Timu ikangotsogola imayamba kugwaigwa, kumanga nsapato yomanga kale, kudikira kherere. Palinso wina umene abwana amaonera nyengo yomweyi, womwe iwonso amati ndi wamiyendo ngakhale amaunyamula kukhwapa: amuna ovala zipewa za njinga yamoto kugwerana mulu ngati matumba a chimanga ogwa pa lole, n'kudzuka, n'kuchititsa msonkhano, n'kugwerananso. Umenewo unandikanika. Masewera a chibongawa ndinawakonda chifukwa alibe wotchi. Womaliza asanafe, masewera sanathe. Fulaye wathu analinso choncho. Wotchi yake inali imodzi yokha, mawu a amayi akuitana kuti tikatunge madzi.

Kwanu mwina munkasewera mosiyana, chifukwa fulaye mudzi uliwonse unali ndi malamulo ake, koma kwathu zinkatere. Gulu limodzi linkalowa pakati. Gulu linalo linkaika ogenda awiri, wina uku wina uko, ndipo otsalawo ankaima kumbuyo kwawo kuti azitola mpira. Mpirawo unali wa nsanza zomanga ndi luzi. Ukakukhudza, ngakhale pa nsonga ya chitenje, wafa, ukakhale pansi pa mtengo. Ukauzinda, udakali moyo. Ukauwakha, unkauponya kutali kumene ungathe, ndipo eni ake akamauthamangira iwe unkagwada n'kumathira mchenga m'botolo limene linkaima pakatikati pa bwalo. Botolo likadzaza mpaka kukamwa, unkalinyamula, kulikhuthula anthu onse akuona, n'kukuwa kuti, "Dzukani!" Pamenepo akufa onse a gulu lako ankadzuka n'kulowanso. Za kuuka kwa akufa ife tinazidziwira kukhwawa tisanazimve kwa abusa.

Panali lamulo linanso limene palibe anatiphunzitsa, tinkangolidziwa. Wotsala pakati samuyankhula. Anzako onse akafa iwe n'kutsala wekha, a gulu lako ankakhala chete, osakuchemerera, osakutchula dzina. Munthu ukamva dzina lako khosi limatembenuka lokha, ndipo wogenda amangodikira kamphindi komweko. Adani ankaloledwa kukunyoza mmene angafunire, kukuuza kuti chitenje chamasuka, kuti njoka ili kumwendo. Koma wako weniweni ankatseka pakamwa.

Pa fulaye, achemwali anga a Felesiya analibe mnzawo. Ankandiposa zaka zisanu, aatali, miyendo ngati ya kakowa. Mpira ukabwera cham'munsi ankaudumpha, ukabwera cham'mwamba ankangopinda khosi pang'ono ngati munthu wolowa pakhomo lalifupi, ndipo zonsezi ankachita akuseka. Ine ndinali kamunthu kowonda, atsikana ankanditcha Kachitsotso, ndipo m'gulumo ankandilola chifukwa cha achemwali basi. Kulikonse kumene iwo apita ine ndinali pambuyo. Tinkagona mphasa imodzi, kufunda bulangete limodzi, ndipo nsabwe zawo zinali zanganso.

Chaka china amalume athu a ku Limbe anawapezera achemwali ntchito yolera ana kwa kalaliki wina wa m'tauni. Anatumiza mawu kuti adzawatenga Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ine ndinalira masiku awiri, mpaka achemwali anandilonjeza zinthu ziwiri kuti nditonthole: adzandisiyira mpango wawo wofiira, ndipo ine ndi amene ndidzawanyamulire kachikwama kuwaperekeza mpaka pamsewu. Ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Ndinakonzeratu ndi zimene ndidzawauze potsanzikana, ndinkazibwereza popita kuchitsime.

Loweruka lake achemwali anati sangachoke asanawaonetse atsidya. Atsidya anali atsikana a mudzi wa kutsidya kwa khwawa, kufupi ndi sukulu. Ambiri a iwo ankaphunzira, ankawerenga zigoli m'Chingerezi mokweza kuti ife timve kuwawa, ndipo chilimwe chimenecho anali atatigonjetsa kawiri. Ife akuno sukulu inatipitirira. Achemwali analekezera sitandade 2, ine ngakhale pakhomo la kalasi sindinaimepo. Atsidyawo anali ndi wogenda wawo dzina lake Dorofe, wamanzere, wa nkhope yaitali yosaseka. Wamanzere ndi woopsa chifukwa thupi lako linazolowera kuthawira mbali imene dzanja lamanja silifika, ndiye kwa iye umathawira kumene mpira ukupita. Ndiponso ankamunena kuti amabisa kamango kakang'ono m'kati mwa nsanza kuti mpira uzipweteka. Sitinamugwirepo, koma misana yathu inkachitira umboni.

Tsikulo inali nthawi yawo yobweretsa botolo, ndipo anabwera ndi chibotolo cha sikwashi, chachitali, chapakamwa popapatiza poti chala changa chokha n'chimene chikanalowa. Anzathu anayamba kudandaula kuti kumeneko n'kubera, koma achemwali anati asiyeni, pakamwa pa botolo sipasankha mudzi, nawonso awone nalo. Oyamba kulowa pakati anali atsidyawo, ndipo ngakhale achemwali anagenda mpaka phewa kuwawa, analidzaza kamodzi tisanawamalize. Anavina, kutiwerengera m'Chingerezi chigoli chimodzi chomwecho ngati ndi khumi.

Kenako tinalowa ife, asanu ndi awiri. Dorofe anagwira mpira, kuupukuta pa diresi, kuyang'ana kwa ine ngati akufuna kuyamba ndi kachitsotso, dzanja n'kupita kwina. Ndinangomva phu! Mpira woyamba weniweni unawapeza achemwali pa chidendene. Ngakhale atsidyawo anachedwa kukuwa kuti wafa, chifukwa sanakhulupirire. Achemwali anayang'ana chidendene chawo ngati chawalakwira, n'kuseka, n'kupita kukakhala pansi pa mango. Masewera awo omaliza pakhwawa, osazinda ngakhale kamodzi.

Mtima wa gulu unathera pomwepo. Agnesi anafa, Lute anafa, ena awiri anagundana okhaokha pothawa mpira umodzi n'kufa motsatizana, winanso n'kuwatsatira. Posakhalitsa ndinaona kuti bwalo lakula. Ndinatsala ndekha, botolo lili ndi mchenga wongobisa pansi pake. Kumtengo kuja kunali chete. Ndinadziwa kuti achemwali akundiyang'ana, ndipo ndinadziwanso kuti ngati sindidzaza botolo limenelo ndiye kuti apita ku Limbe ali wakufa.

Tsono pali chinthu chimene atsidya sankachidziwa. Iwo akakhala m'kalasi kuwerenga, ine ndinkakhala pakhonde ndi amayi kusunga mbewu. Njere za mpiru, za bonongwe, za therere, amayi ankazisakaniza ndi phulusa n'kuzisunga m'mabotolo kuti zisafumbwe, ndipo wothira ndinali ine chifukwa cha manja aang'ono. Ukataya njere imodzi, khutu linkakokedwa. Ndiye dzanja langa linkadziwa kudzipinda ngati fanelo: kufumbata, kusiya kampata kumunsi kwa chala chaching'ono, mchenga n'kumatsika ngati ulusi. Atsikana ena ankaunjika mchenga pamwamba pa botolo ndi manja awiri, wambiri n'kugwera pambali. Wanga wonse unkalowa.

Kuzinda sindinkadziwa kwenikweni, kungoti panalibe pogenda. Dorofe ankaponya, mpira n'kudutsa pamene munthu wathupi akanakhala. Wogenda mnzake anali wofooka, mipira yake inkabwera ngati akukupatsira, ndiye imeneyo ndinkaiwakha. Vuto linali dzanja langa. Ndikaponya, mpira unkagwera pafupi, ndisanathire kawiri wabwerera kale. Dzuwa linali litapendeka, thukuta likulowa m'maso, mapazi akupsa, botolo lili pakati. Atsidya anayamba nyimbo yondinena miyendo.

Nditawakhanso kachitatu ndinaona chitsamba cha kugombe la kumtunda, chija tonse tinkachilambalala. Chinali chitayangidwa ndi chitedze, nyemba zake zitauma, ubweya uli nyezinyezi padzuwa. Mpaka lero ndimanena kuti sindinachite dala, mpira unangopulumuka. Mukandifunsa kawiri ndingoseka. Unakagwera pakatikati pa chitsambacho.

Otola mpira anathamanga n'kukaima chapatali, kumakankhana kuti lowa ndiwe. Ine ndili chogwada, dzanja likugwira ntchito yake. Anayesa ndi ndodo, mpira n'kulowerera. Dorofe anatukwana, n'kupita yekha, n'kuutulutsa ndi dzanja lake lamanzere lomwelo. Pamene ankabwerera pamalo pake mchenga unali utafika m'mapewa a botolo. Anaponya kamodzi, kenako ndinamuona akupukuta dzanja pa diresi, kenako akulikanda ndi mano. Mipira yake inayamba kupita kumwamba ngati akugenda mango. Koma chitedze sichidziwa mwini mudzi. Nditauwakha mpira uja pachifuwa, moto unandiyaka m'manja, m'khosi, mpaka m'khwapa. Ndinauponya osaona kumene ukupita, n'kugwada, misozi ili chuchuchu, dzanja limodzi likuthira linalo likukanda. Khosi la botolo lija linali lalitali ngati ulendo wa kuchigayo. Kenako mchenga unasefukira pa zala zanga.

Ndinalinyamula ndi manja awiri, kulizondotsa, n'kukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. "Dzukani! Dzukani!"

Anadzukadi. Anabwera akuthamanga, akuimba nthungululu za ana, Agnesi n'kundinyamula m'mwamba osadziwa kuti akunyamula chitedze. Ine maso anali pamwamba pa mitu yawo, kufuna munthu mmodzi. Ndinawerenga nkhope. Zinali zisanu. Pansi pa mango panalibe munthu, koma pa muzu pamene achemwali anakhala panali mpango wofiira, wopindidwa bwinobwino, ataupsinja ndi mwala.

Anandiuza ndi Lute. Amalume anali atabwera tsiku lomwelo, chifukwa anapeza lole ya mnzawo yobwerera ku Limbe madzulo amenewo ndipo inkadikira pamsewu. Amayi anatsikira kukhwawa, kuwakodola achemwali ndi dzanja, iwo n'kunyamuka. Ndinafunsa ngati anasiya mawu alionse. Lute anati ayi, sananene kanthu.

Ndinathamanga njira yonse ya kumsewu, thupi likuyaka, mpango uli m'manja. Ndinapeza fumbi lokha, ndi amayi akubwerera. Madzulo amenewo anandipaka phulusa ndi mafuta a nsatsi, akundikalipira kuti mwana wanji wosewera ndi chitedze, ndipo ankaganiza kuti ndikulirira kuyabwa. Masewera aja sanapitirire. Anathera pa chigoli chimodzi kwa chimodzi, sabata yotsatira mvula inagwa, khwawa linadzaza, ndipo chilimwe chinacho Dorofe anali atakwatiwa.

Achemwali anabwera pa Khirisimasi atavala nsapato, akununkhira sopo wa m'tauni, atanyamula buledi. Ndinawagwadira n'kuwapatsa moni ngati mlendo. Iwo anandikoka kuti ndikhale pamiyendo pawo, ine n'kunena kuti ndili ndi mbale zotsuka. Sindinawafunse kanthu, iwonso sananene kanthu. Zaka zinapita, tinakwatiwa, tinabereka, tinaika amayi ndi bambo, tinathandizana pa matenda ndi pa maukwati ngati mmene abale amachitira. Palibe akanati pali nkhani. Koma kanthu kaja kanakhala pansi pa khungu ngati ubweya wa chitedze, kosaoneka, koyabwa ukangokhudzapo. Munthu amene ndinamudzutsa ndi manja anga anachoka osanditsanzika. Ndipo ndiulule pano, popeza ndakalamba: pamene ndinkabwera kuno ku Dubai sindinapite ku Ndirande kumene amakhala kukawatsanzika. Ndinawaimbira foni ndili kale pabwalo la ndege, n'kunamizira kuti nthawi inachepa. Anangoti uyende bwino, mng'ono wanga.

Tsono mwezi wathawu timu yathu ya zipewa zabuluu inafika pa masewera akuti ikagonja yatuluka. Kunja kunali kutayera, ana akudya phala, ine ndikubwera ndi tiyi wa abwana. Pa kanema zinthu zinali pothina. Tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi, mpata womaliza, awiri afa kale, wachitatu akafa basi zatha, anzathu atatu aima m'makona kudikira wowabweretsa kwawo. Wachibonga amene analowa anali mnyamata wowonda, ndipo woponya wa adaniwo anali wamanzere, wa nkhope yaitali yosaseka. Ndinati Dorofe wanditsatira mpaka kuno.

Nthawi yomweyo madamu, akazi a abwana, anatuluka kuchipinda atavala za kuntchito. Iwo amagwira kuchipatala ndipo amanyamuka m'mawa, koma tsiku lililonse, ngakhale atachedwa chotani, sachoka osawatsanzika amuna awo. Anafika kumbuyo kwa mpando, kutsegula pakamwa, n'kuona kanema, n'kuona mmene abwana agwirira chipewa ndi manja awiri. Anatseka pakamwa. Anavula nsapato zawo zogogoda n'kuzinyamula m'manja, kundiyang'ana ine chala chili pamlomo, n'kutuluka chinyanyamphire, chitseko n'kuchibweza ngati m'nyumba muli khanda logona. Chonsecho abwanawo sikuti ankasewera ndi iwo. Anangokhala pampando, dziko la Amereka lili kutsidya kwa nyanja.

Ndinaima pomwepo ndi thireyi m'manja. Ndinamva mchenga kumapazi.

Mnyamata uja anaphonya katatu. Kwa azungu kulibe botolo, wafa wafa. Abwana anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati ngati muli yankho, n'kundiuza kuti basi Esinati, chaka chamawa. Ndinati inshallah, bwana, n'kuwapatsa tiyi atazizira. Anafunsa kuti madamu ali kuti, nditawauza kuti apita kale anadabwa kuti bwanji sanatsanzike. Ndinangoti yalla, fulumirani ana inu, basi ya sukulu ikusiyani.

Nditabwerako kokweza ana ndinakhala pa bedi langa m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, n'kudina foni kuti ndiwatumizire achemwali mawu. Ndinayamba ndi moni, za maondo awo, za mvula ngati yayamba. Kenako ndinangofunsa. Ndinati achemwali, tsiku lija la chitedze, munachokeranji osandiuza?

Yankho linabwera masana ndikusita. Poyamba munali kuseka kokhakokha, kuseka kwa nkhalamba kothera m'chifuwa, kumbuyo kukumveka ana ndi wogulitsa makala.

"Iwe Kachitsotso, zaka zonsezi unasunga zimenezo? Inetu ndinaima kumbuyo kwako, amayi akundikoka dzanja. Mchenga unali utafika m'khosi mwa botolo. Ndikanangoti Esinati, ukanacheuka, Dorofe n'kukuphulitsa. Ndiye ndipite ku Limbe nditapha mng'ono wanga ndi pakamwa panga? Lamulo unkalidziwa iwe."

Anatsokomola, n'kupitiriza. "Tili pachitunda paja ndinakumva ukukuwa. Ndinawauza amayi kuti imvani, mwana wandidzutsa, ndibwerere ndikazinde kamodzi kokha. Anati ukazindira ku Limbe. Ndiye dziwa kuti moyo umene unandipatsa uja sindinaugwiritse ntchito. Ndinausunga. Ukabwera tikamalize, koma ogenda akhale a msinkhu wathu."

Ndinawamvera mawuwo kanayi. Malaya a abwana anapsa pakolala, ndipo ndinawauza zoona kuti ndinapsereza ndine, iwo n'kuganiza kuti ndi chisoni cha timu.

Zinthu zasintha, anzanga. Khwawa lija akuti analikumba ogulitsa mchenga wa zomangamanga, latsala maenje okhaokha. Adzukulu anga aakazi amasewera mpira wamiyendo pa bwalo lomwe lija ankatiingitsa, atavala yunifolomu, ndipo zimenezo zimandikondweretsa. Koma nditawafunsa za fulaye, wamkulu anati anamuonapo pa foni. Ngakhale kusapota kwa masiku ano n'kwa phokoso lokhalokha. A Chikopa ndi anzawo timu yawo ikathina amakuwa, kutukwana, kuitana wosewera ndi dzina ngati akuwamva. Palibe amene amadziwanso kuti nthawi zina wako weniweni ndi amene wakhala chete.

Kuno mchenga ndi wosasowa, dziko lonse ndi khwawa louma. M'timasitolo ta ku Bur Dubai amaugulitsa m'mabotolo, wopaka mitundu, atajambulamo ngamila, alendo n'kumagula kukaika pa shelefu. Botolo lodzaza, lotseka ndi chivindikiro, losadzutsa aliyense. Ine sindinagule limenelo. Ndinatsuka botolo la viniga la m'khitchini, lapakamwa popapatiza, ndipo tsiku lina nditapita ndi ana kosewerera ndinagwada pamchenga kuyesa dzanja. Likudziwabe. Sindinataye ndi kambewu komwe.

Tchuthi changa ndi Disembala. Ulendo uno ndikatsika ndege ndiyamba ku Ndirande, kumudzi pambuyo. Achemwali akuti Dorofe alipo, amagulitsa tomato pamsewu wa ku Zomba, ndipo dzanja lamanzere lija likadali lamphamvu moti agalu a pamsikapo amamudziwa. Tidzamutumira mawu. Koma ndikadzafika pakhomo pa achemwali sindidzaodira. Ndidzaima pabwalo, kutulutsa botolo m'chikwama, kukhuthula mchenga wa ku Dubai pa dothi la ku Ndirande, n'kukuwa liwu limodzi lija. Tione ngati maondo awo sadzamva.